Kiichiro Toyoda: munthu amene malole ake oyamba ankafera pa msewu

Aliyense amene anadikirapo matola pa msika wa Furancungo, kapena anakhalapo pamwamba pa matumba a mbatatesi ku Tsangano kuyembekeza lole yopita ku Tete, anaumvapo mkangano wa madalaivala ndi amakaniko. Mkanganowu sutha. Wina amaikira kumbuyo Canter ya Mitsubishi kuti ndiyo bulu wa katundu, wina amalumbirira Dyna. Achinyamata amatama Hilux yatsopano chifukwa cha liwiro ndi kamphepo kozizira ka m'kati, pomwe akuluakulu amangopukusa mutu. Kwa iwo, galimoto yodzaza mawaya ndi kompyuta ikafera ku Chidzolomondo palibe angaidzutse, bola Land Cruiser yakale ija imene makaniko wa pansi pa mtengo amaimasula ndi masipanala atatu.

Mukamvetsera bwino, mkangano wa kuno suthera pa kukongola kwa galimoto ayi. Umathera pa mafunso awiri. Kodi galimotoyi ipirira msewu wa m'dzinja itasenza fodya kapena mbatatesi? Nanga ikathyoka, sipeya yake ipezeka ku Ulónguè, ku Tete, kapena tsidya la malire? Munthu amene tikukamba mbiri yake lero anasowa nawo tulo mafunso omwewa m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina la banja lake ndi limene timaliwerenga kumbuyo kwa Hilux ikatidutsa n'kutisiyira fumbi.

Kiichiro Toyoda anabadwa pa 11 Juni 1894 m'mudzi wa Yamaguchi, m'chigawo cha Shizuoka ku Japan. Bambo ake, a Sakichi Toyoda, anali mwana wa kalipentala yemwe ankalimanso. A Sakichi anakula akuona mayi awo akuluka nsalu pa chipangizo cha matabwa, tsiku lonse ali chiweramire koma nsalu yotuluka yochepa, ndipo moyo wawo wonse unathera pa kufunafuna makina oluka nsalu abwino kuposa amenewo. Pakhomo sankakhazikika. Kiichiro akadali khanda mayi ake anachoka pabanjapo, ndipo mwanayo analeredwa ndi agogo ake kumudzi mpaka bambo ake atakwatiranso n'kumutengera ku mzinda wa Nagoya. Kumeneko anakulira pakati pa phokoso la makina ndi fumbi la thonje.

Mu 1920 anamaliza maphunziro a umisiri wa makina pa yunivesite ya ku Tokyo, ndipo analowa ntchito ya bambo ake. Pakati pa chaka cha 1921 ananyamuka ulendo wa ku America ndi ku England, ndipo kumayambiriro kwa 1922 anakhala masiku angapo m'fakitale ya Platt Brothers ku Oldham, yomwe nthawi imeneyo inali patsogolo pa dziko lonse popanga makina oluka nsalu. Atabwerera kwawo, iye ndi bambo ake anamaliza mu 1924 makina otchedwa Type G. Makinawa ankasintha okha ulusi ukatha popanda kuima, komanso ulusi umodzi wokha ukaduka ankaima nthawi yomweyo. Chachiwirichi n'chimene tiyenera kuchigwira. Makina amene amapitiriza kuluka ulusi utaduka amatulutsa mamita ambiri a nsalu yoonongeka, ndipo mwini wake amadziwa mochedwa. A Toyoda anasankha kuti ntchito iime, cholakwika chioneke pomwepo, chikonzedwe. Mpaka lero m'mafakitale a Toyota wantchito wamba ali ndi mphamvu yoimitsa mzere wonse wopangira magalimoto akaona cholakwika, ndipo mwambowu unachokera pa ulusi woduka uja.

Makinawa anatchuka moti mu Disembala 1929 kampani ya Platt Brothers, komwe Kiichiro anakaphunzira kuja, inagwirizana ndi a Toyoda kugula chilolezo chowapanga pa mtengo wa mapaundi 100,000. Popita kukasaina mgwirizanowu Kiichiro anadzeranso ku America. Kumeneko anaona misewu yodzaza magalimoto, ndipo atafika ku Oldham anapeza mzinda wa nsalu uja utayamba kuzilala. Anabwerera kwawo maganizo atasintha.

Ku Japan nthawi imeneyo galimoto zinalipo, koma zinali za eni ake. Chivomezi chachikulu cha mu 1923 chitaononga njanji za mu Tokyo, akuluakulu a mzindawo anaitanitsa magalimoto a Ford kuti anthu aziyendera. Anthu a ku America anaona msika. Ford inatsegula fakitale yolumikizira magalimoto ku Yokohama mu 1925, General Motors inatsegula yake ku Osaka mu 1927, ndipo posakhalitsa pafupifupi lole iliyonse ndi takisi iliyonse m'dzikomo inali Ford kapena Chevrolet. Makampani akuluakulu a ku Japan, amene anali ndi ndalama zochuluka kuposa a Toyoda, ankaopa kulimbana ndi zimphona zimenezi. Ngakhale mlamu wake wa Kiichiro, a Risaburo Toyoda, amene anakwatira mlongo wake n'kutenga dzina la banjalo ndipo ndiwo ankayendetsa kampani, sanaikonde nkhaniyi poyamba. Ndani angawanene? Bizinesi ya makina a nsalu inkadyetsa mabanja ambiri, ndipo mlamu wawoyo ankafuna kuthira ndalama zake m'chinthu chimene panalibe ndi mmodzi yemwe pafakitalepo anachipangapo.

A Sakichi anamwalira mu Okutobala 1930. Chaka chomwecho Kiichiro anali atayamba kale kuyesa kainjini kakang'ono ka petulo pakona ina ya fakitale. Mu Seputembala 1933 kampani inavomera kukhazikitsa nthambi ya magalimoto. Chimene anachita poyamba, makaniko aliyense wa kuno angachimvetse. Anagula Chevrolet yatsopano n'kuimasula yonse, bawuti ndi bawuti, kuyeza chitsulo chilichonse ndi kuchijambula papepala.

Kujambula n'kosavuta, kuumba ndiye nkhani. Thunthu la injini, limene amakaniko amati buloko, limapangidwa pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole cha mchenga, ndipo m'kati mwake muyenera kutsala tinjira todutsa madzi ozizitsa injini. Amisiri a Toyoda anazolowera kuumba zitsulo za makina a nsalu, zomwe zilibe tinjira totere. Mabuloko mazanamazana anatuluka obooka kapena ong'aluka ndipo anatayidwa. Injini yoyamba, yotchedwa Type A, ya masilinda 6, inatheka mu Seputembala 1934, koma ataiyesa inaoneka yofooka. Pa muyeso wa mphamvu umene amayerekeza ndi mahatchi, Chevrolet inkafika 60 pomwe yawoyo sinkakwana ndi 50 yomwe. Anabwerera kukaumbanso mutu wa injini kambirimbiri mpaka inafika 65.

Apa Kiichiro anachita chinthu chimene ena anachiona ngati kubera, koma mlimi wokhala kutali ndi tauni angachione mwina. Anapanga injini yake mwakuti zitsulo zambiri za Chevrolet zinkalowamo bwinobwino, ndipo mbali zina za pansi pa galimoto anatengera za Ford. Ankadziwa kuti galimoto yake yatsopanoyo idzathyoka, ndiponso kuti analibe masitolo a sipeya m'dziko lonse. Munthu wogula lole ya Toyoda akanatha kulowa m'sitolo ya zitsulo za Chevrolet, zomwe zinali paliponse, n'kupeza chomuthandiza. Funso la sipeya lija anali ataliyankha galimoto isanatuluke pa geti.

Galimoto yoyamba yoyeserera, yonyamula anthu, inatha mu Meyi 1935, koma boma linkafuna malole, ndipo msika nawonso unali wa malole. Choncho mu Ogasiti chaka chomwecho anatulutsa lole yotchedwa G1, yonyamula tani imodzi ndi theka. Kunena mwa kwathu, matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50. Anaiika pa mtengo wotsikirapo kuyerekeza ndi Ford ndi Chevrolet, ngakhale kuti potero ankaluza.

Loleyi inali yovuta, tisabise. Malole amene ankapita kukaonetsedwa ku Tokyo mu Novembala 1935 anaonongeka panjira, ndipo anafika atawakonzera m'mbali mwa msewu. Atayamba kugulitsidwa, vuto lalikulu linali pa chitsulo chachikulu cholumikiza matayala akumbuyo, pamene pamakhala difu. Pamene anaotcherera pankang'aluka lole ikasenza katundu. Dalaivala aliyense amene anamvapo kulira kwa chitsulo chimenechi ali pakati pa phiri akudziwa mmene mtima umagwera. Munthu woyang'anira malonda, a Shotaro Kamiya, amene Kiichiro anawakopa kuchokera ku General Motors, anayamba kugulitsa malolewa kwa anthu a pafupi ndi Nagoya, kuti akathyoka amisiri azifikako msanga. Amisiriwo ankakhala tcheru usana ndi usiku. Kiichiro mwini wake ankathamangira kumene lole yafera, n'kukwawira pansi pake kuti aone ndi maso ake chimene chathyoka, kenako n'kupepesa kwa mwini katundu. Pobwerera kufakitale, chitsulocho chinkasinthidwa kapangidwe. M'chaka chimodzi anakonza malo mazana angapo pa lole imodzi yomweyo. Malole a G1 onse amene anapangidwa anali 379 okha.

Amene amati Toyota inabadwa yolimba sanaimve mbiriyi. Inalimba chifukwa mwini wake ankapita kukaona pamene yathyoka, ndipo ankamvera madandaulo a madalaivala m'malo mokangana nawo.

Mu 1936 anatulutsa galimoto yonyamula anthu yotchedwa AA, ndipo chaka chomwecho dzina linasintha. M'chiyankhulo cha ku Japan, Toyoda amatanthauza munda wa mpunga wachonde, dzina la alimi lenileni. Analisintha kukhala Toyota chifukwa linkamveka bwino, komanso polilemba m'zilembo za kwawo limatenga mizere 8, nambala yomwe iwo amaiona ngati yamwayi. Kampani ya Toyota Motor inaima payokha pa 28 Ogasiti 1937. A Risaburo ndiwo anali mtsogoleri woyamba, Kiichiro wachiwiri wawo, ndipo anatenga utsogoleri mu 1941. Fakitale yaikulu anaimanga ku Koromo, tauni yaing'ono yomwe bizinesi yake ya ulusi wa silika inali itagwa, ndipo inatsegulidwa mu Novembala 1938. Tauniyi kuyambira 1959 imatchedwa Toyota.

Ku Koromo ndi kumene Kiichiro anayambitsa lamulo loti chitsulo chilichonse chizifika pamalo ogwirira ntchito pa nthawi imene chikufunika, pa mlingo umene ukufunika, osati kuunjika katundu m'nyumba zosungira. Sanachite izi chifukwa cha nzeru za m'mabuku. Analibe ndalama zoti zigone m'zitsulo zongokhala. Mlimi wa fodya amene feteleza anamufikirapo mvula itapita kale, kapena amene anagula mbewu yambiri n'kuiona ikufumbwa, akudziwa kuti chinthu chofika mochedwa ndi chinthu chochuluka mopitirira, zonse ndi kuluza.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene okonda Toyota sakonda kuikamba. Kampaniyi inakula chifukwa boma la asilikali la Japan linkafuna malole a nkhondo. Lamulo la mu 1936 linapatsa chilolezo makampani a m'dzikomo, Toyota ndi Nissan poyamba, n'kupanikiza Ford ndi General Motors mpaka zinasiya kupanga magalimoto kumeneko. Mu 1937 Japan inalowa nkhondo yaikulu ndi China, ndipo malole a Toyota ananyamula asilikali amene anazunza anthu ambiri. Kiichiro ankalakalaka kupanga galimoto ya banja wamba, koma zaka zake za mphamvu zinathera pa malole a nkhondo. Chakumapeto, zitsulo zitasowa, malolewo ankatuluka ndi nyali imodzi yokha kutsogolo, mabuleki a matayala akumbuyo okha, ndi matabwa m'malo mwa malata. Pa 14 Ogasiti 1945 bomba linagwetsa mbali ina ya fakitale ya ku Koromo. M'mawa mwake mfumu ya Japan inalengeza kuti dziko lagonja.

Nkhondo itatha anali ndi antchito zikwi zingapo oti awadyetse m'dziko la njala. Fakitale inapanga mapoto ndi ziwaya, ndipo Kiichiro anaganizirapo ngakhale zoweta nsomba ndi kupanga mbale zadothi. Asilikali a America, amene ankalamulira dzikolo, analola kuti malole ayambirenso kupangidwa. Mu 1947 anatulutsa kagalimoto kakang'ono kotchedwa SA, kamakono ndithu pa nthawiyo, ndipo odziwa za magalimoto anakatama. Sikanagulidwe. Anapanga 215 zokha. Kalole kakang'ono ka SB, kopanda chokongola chilichonse koma ka injini yomweyo, ndiko kanayenda malonda, chifukwa anthu ankafuna chonyamulira katundu pa misewu yokumbika.

Tsoka linafika mu 1949. Boma linakhwimitsa kayendedwe ka ndalama pofuna kuthetsa kukwera mitengo kwa zinthu, ngongole zinauma, ndipo anthu amene anatenga malole pa ngongole analephera kubweza. Toyota inatsala pang'ono kugwa. Mu Disembala chaka chimenecho antchito anavomera kuti malipiro awo adulidwe ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo kampani inalonjeza polemba kuti sichotsa munthu ntchito. Mabanki, motsogozedwa ndi nthambi ya ku Nagoya ya banki yaikulu ya dzikolo, anapereka ngongole yopulumutsira kampani, koma ndi mfundo zawo. Mbali yogulitsa magalimoto inayenera kukhala kampani payokha, ndipo antchito anayenera kuchepa.

Kiichiro anakana kwa miyezi ingapo. Lonjezo linali lake. Koma mu Epulo 1950 kampani inapempha anthu 1,600 kuti asiye ntchito mwa kufuna kwawo, ndipo antchito anayamba sitalaka yomwe inatha miyezi iwiri. Mu Meyi fakitale yonse inatulutsa magalimoto ongopitirira pang'ono 300. Kiichiro, yemwe nthawiyi n'kuti akudwala matenda othamanga magazi, anaona kuti sangauze anthu ena kuti achoke iye n'kutsala pampando. Pa 5 Juni 1950 anatula pansi udindo pamodzi ndi akuluakulu ena. Sitalaka inatha patangopita masiku ochepa, ndipo anthu amene anachoka anakwana 2,146.

Pa 25 Juni, patangotha masiku 20 chichokereni iye, nkhondo inabuka ku Korea. Asilikali a America anafuna malole mwamsanga ndipo anaitanitsa kwa Toyota malole oposa 4,600. Kampani imene inali pakamwa pa manda inayamba kupeza phindu chaka chomwecho, pansi pa mtsogoleri watsopano, a Taizo Ishida. Nkhondo ija ikanayamba mwezi umodzi m'mbuyo, mwina anthu 2,146 aja sakanachoka, ndipo mwina Kiichiro sakanatula udindo. Kawiri konse kampaniyi inadzutsidwa ndi nkhondo.

Iye anakakhala ku Tokyo, komwe anapitiriza kujambula mapulani a galimoto yaing'ono ndi a helikopita pamodzi ndi amisiri ochepa. A Ishida anakonza zoti abwerere pa utsogoleri pakati pa chaka cha 1952, ndipo iye anavomera. Sanafikeko. Mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo anamwalira pa 27 Malichi 1952 ali ndi zaka 57.

Mwa magalimoto onse amene timakanganirana kuno, ndi imodzi yokha imene inayamba iye ali moyo, ndipo n'kuti ali kunja kwa kampani. Mu 1951 amisiri a Toyota anatenga chimango cha kalole ka SB kaja n'kuikamo injini yaikulu ya lole, ya masilinda 6, mdzukulu wa injini ija inawavutitsa mu 1934, n'kupanga galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Anaitcha BJ. Mu Julaye chaka chimenecho dalaivala woyesa magalimoto, Ichiro Taira, anaikweza phiri la Fuji mpaka pamalo pamene galimoto ina inali isanafikepo. Mu 1954 anaipatsa dzina loti Land Cruiser. Dzina la Dyna linabwera mu 1959, Corolla mu 1966, Hiace yomwe timakwera ngati chapa mu 1967, ndipo Hilux mu 1968, patapita zaka 16 mwini dzina ali m'manda. Amene anapitiriza ntchitoyi anali msuweni wake Eiji Toyoda ndi mmisiri Taiichi Ohno, ndipo pambuyo pake mwana wake Shoichiro ndi mdzukulu wake Akio anatsogoleranso kampaniyi. Mu 2008 Toyota inapitirira General Motors, eni Chevrolet ija anaimasula bawuti ndi bawuti, pa chiwerengero cha magalimoto ogulitsidwa pa dziko lonse.

Kuno kum'mwera kwa Africa, Toyota inalowa ndi katundu osati ndi ulemerero. Mu 1961 wamalonda wa ku South Africa, Albert Wessels, anaitanitsa timalole 10 totchedwa Stout, ndipo lero Hilux zambiri zatsopano zimene timaziona zimapangidwa ku Durban. Zina zambiri, makamaka Dyna, Hiace ndi timagalimoto ting'onoting'ono, zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan komweko. Chimene chimathandiza n'chakuti ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga timachitira ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia, choncho chiwongolero chimakhala kale mbali yoyenera. Amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 akukumbukira ma Land Cruiser oyera a mabungwe akudutsa m'misewu imene inali itamera tchire, ndipo mpaka lero mayi woyembekezera akavutika ku chipatala chaching'ono chakumudzi, ambulansi imene amaidikira nthawi zambiri imakhala Land Cruiser.

Hilux ya kabati imodzi inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, ochepera pa a G1 ija. Amene anaionapo ikutsika ku Tsangano nyengo yokolola mbatatesi, masipuling'i atawongoka, anthu asanu ali pamwamba pa katundu, angawerenge okha kuti imakhala itasenza angati.